Funsani Azakhali: Mapadi Tikugawa, Nanga Boma Lilowererapo Liti?

Makalata ambiri a mwezi uno akhudza msambo, makamaka funso lakuti tingatani kuti maboma aziwerengera nkhaniyi pokonza ndondomeko zawo. Ndasankhapo anayi. Ena ndawafupikitsa, ndipo maina ndawachotsa monga mwa nthawi zonse.

*Azakhali,*

*Ndine mphunzitsi wa ana a zaka za pakati pa 12 ndi 15. Ine ndi anzanga awiri timasonkha ndalama mwezi ndi mwezi n'kugula mapadi, omwe timasunga m'kabati ya mu ofesi kuti mtsikana akadzidzimuka ndi msambo tizimupatsa. Mwezi usanathe amakhala atatha. Chimbudzi cha atsikana chilibe chitseko chotsekeka, ndipo madzi ali kutali. Tatopa, osati ndi anawo ayi, koma poona kuti tikusenza katundu amene anayenera kukhala wa boma. Tiyambire pati kuti nkhaniyi ifike kwa opanga malamulo? Kapena zimenezi n'za mabungwe akuluakulu okha?*

*Mphunzitsi wotopa*

Aphunzitsi, kabatiyo musaitseke. Mtsikana amene wadzidzimuka ali m'kalasi lero sangadikire Nyumba ya Malamulo. Komabe mwanena zoona. Tsiku limene mudzasamutsidwe inu ndi anzanuwo, kabatiyo idzatsala mbee, ndipo palibe amene adzafunsidwe chifukwa chake. Chimene mukufuna n'chakuti pakhale munthu wa udindo amene angafunsidwe.

Yambani ndi kudziwa chenicheni chimene mukupempha. Ambiri timapita kwa phungu n'kukamuuza kuti boma liganizire atsikana. Palibe phungu angakane mawu amenewo. Avomera, mujambulitsa naye chithunzi, nkhani n'kuthera pomwepo. Lonjezo la pamsonkhano ndi lina, ndondomeko yolembedwa ndi unduna ndi ina, lamulo ndi lina, ndipo ndalama zolembedwa mu bajeti ndi zinanso. Anthu amasangalala ndi choyambacho ngati apeza chomalizacho.

Taonani zimene zinachitika ku Uganda. Pochita kampeni mu 2015, pulezidenti Yoweri Museveni analonjeza kuti atsikana a pasukulu azidzalandira mapadi aulere. Chisankho anapambana. Kumayambiriro kwa 2017 nduna ya zamaphunziro, Janet Museveni, amenenso ndi mkazi wake, inauza aphungu kuti ndalama zake palibe. Dr Stella Nyanzi, wofufuza wa pa yunivesite, anadzudzula zimenezi poyera n'kuyambitsa ntchito yotolera mapadi, ndipo mu April chaka chomwecho anamangidwa chifukwa cha zimene ankalemba pa Facebook. Paja amati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo.

Kenya inapita patsogolo ndithu. Mu 2017 pulezidenti wa nthawiyo, Uhuru Kenyatta, anasainira lamulo lokakamiza boma kupereka mapadi aulere kwa atsikana a m'sukulu za boma, ndipo kenako dzikolo linakonza ndondomeko ya ukhondo wa msambo ya 2019 mpaka 2030. Ngakhale zili choncho, madandaulo sanathe akuti mapadiwo amafika mwa apo ndi apo, ndipo sukulu zina zimatha teremu osalandira. Lamulo lilipo, koma limafunika anthu oti chaka ndi chaka aziona kuti ndalama zaperekedwa zingati ndipo katundu wafika kuti.

Kumene ndimakuonera chitsanzo ndi ku Scotland. Phungu wina, Monica Lennon, anayamba kukankha nkhaniyi atangolowa m'Nyumba ya Malamulo mu 2016. Bilu yake anaipereka mu 2019. Poyamba boma linkakana ponena kuti zidzafuna ndalama zambiri, koma mabungwe a ogwira ntchito, a amayi ndi a ophunzira anaima naye mpaka boma linasintha maganizo. Pa 24 November 2020 aphungu onse anavomereza, ndipo lamulolo linayamba kugwira ntchito pa 15 August 2022. Chimene chimandisangalatsa n'chakuti lamulolo limatchula eni ntchito: makhonsolo ndi sukulu ndiwo ayenera kuonetsetsa kuti zipangizo zikupezeka kwaulere kwa aliyense wozifuna. Zikasowa, munthu amadziwa khomo lokagogoda. Onaninso kutalika kwa ulendowo, kuchokera 2016 kufika 2022. Musadzagwe mphwayi chaka choyamba.

Tsono inu muli ndi chinthu chimene mabungwe ambiri alibe, ndicho umboni. Gulani kope. Muzilemba kuti mwezi uno atsikana angati abwera kudzapempha padi, angati apempha kubwerera kunyumba nthawi isanakwane, angati ajomba. Maina musalembe, ndipo musajambule mwana aliyense. Lembaninso za chimbudzicho: zipinda zilipo zingati pa atsikana angati, chili ndi loko kapena ayi, madzi ali pamtunda wotani, padi yogwiritsa kale ntchito amaitaya kuti. Ine ndinalowapo m'chimbudzi cha sukulu ina n'kupeza kuti mtsikana amasintha padi ndi dzanja limodzi, linalo atagwira chitseko, kunja mnzake ataima ngati mlonda atatambasula juzi. Nduna ikamva zimenezi kuchokera kwa mphunzitsi, ndi manambala a sukulu khumi kapena makumi awiri, zimaivuta kuzemba. Choncho uzani aphunzitsi a sukulu zoyandikana nanu kuti nawonso alembe, ndipo bungwe lanu la aphunzitsi komanso komiti ya makolo zisainire nawo.

Ndikuchenjezeni pa chiwerengero china chimene chimayenda kwambiri pa intaneti, chakuti mtsikana mmodzi mwa 10 aliwonse mu Africa amajomba kusukulu chifukwa cha msambo. Ofufuza akhala akudandaula kuti gwero lake silipezeka. Mukachitchula, wa ku unduna wa zachuma amene amawerenga akhoza kukugwetsani nacho. Gwiritsani ntchito zimene zili ndi mwini. Lipoti la mu May 2024 la WHO ndi UNICEF, mabungwe a United Nations oona zaumoyo ndi za ana, linapeza kuti pa dziko lonse sukulu ziwiri zokha mwa zisanu zimaphunzitsa za msambo, ndipo sukulu zosakwana imodzi mwa zitatu n'zomwe zili ndi mabini otayamo mapadi m'zimbudzi za atsikana. Musalonjezenso kuti mapadi okha adzathetsa kujomba. Kafukufuku wina wa ku Nepal ndi ku Kenya anasonyeza kuti kungogawa zipangizo sikusintha kwambiri kabweredwe ka kusukulu. Ululu, zimbudzi ndi kusekedwa ndi anyamata zimajombetsanso. N'chifukwa chake pempho lanu litchule madzi, zitseko, mabini ndi maphunziro pamodzi ndi mapadiwo.

Pali msampha wina. Nkhaniyi imakhudza maunduna a zamaphunziro, zaumoyo, zamadzi, za amayi ndi zachuma, ndiye aliyense amakutumizani kwa mnzake. Pempho lanu linene kuti unduna uti utsogolere, ndalama zilembedwe pa mzere wake wake mu bajeti, ndipo lipoti liziperekedwa ku Nyumba ya Malamulo chaka chilichonse. Zonsezi zikwane pa tsamba limodzi. Lipititseni kwa phungu wanu, komanso kwa wapampando wa komiti ya aphungu yoona zamaphunziro kapena zaumoyo, chifukwa makomiti ndiwo amaitanitsa akuluakulu a unduna kudzayankha. Musatuluke mu ofesi musanamve kuti iwo achita chiyani ndipo pofika liti.

Nthawi nayo muziiona. Tsiku la 28 May, limene bungwe la WASH United la ku Germany linayambitsa mu 2014 kuti likhale lokumbukira ukhondo wa msambo, ndi labwino popangira phokoso, pakuti atolankhani amakhala akusaka nkhani. Koma ndalama zimagawidwa maunduna akamakonza mapulani awo, miyezi ingapo bajeti isanawerengedwe. Fufuzani nthawi imene nduna ya zachuma imamva maganizo a anthu pa bajeti, ndipo mukapezekeko ndi tsamba lanulo.

Zoti n'za mabungwe akuluakulu okha, ayi. Amika George wa ku London anali ndi zaka 17 mu 2017 pamene anayambitsa kampeni ya Free Periods, atawerenga kuti atsikana ena akujomba posowa mapadi. Anatolera masiginecha, anatsogolera zionetsero pafupi ndi nyumba ya nduna yaikulu ku Downing Street, ndipo kuyambira January 2020 sukulu za boma ku England zimatha kuitanitsa zipangizozi kwaulere.

*Azakhali,*

*Ndine bambo wa ana aakazi atatu, ndiye za mtengo wa mapadi ndimazidziwa bwino. Ndimamva anthu akulimbikira zoti msonkho uchotsedwe, koma ndamvanso kuti kumene unachotsedwa mitengo sinatsike. Kodi si kutaya nthawi kumeneku?*

*Bambo wa atatu*

Bambo, ndayamba ndathokoza kuti mumagula nokha ndipo mtengo mumaudziwa. Zimene mwamvazo zili ndi choonadi. Tanzania inachotsa msonkho wa VAT pa mapadi mu 2018, koma mu 2019 boma linaubwezeretsa, nduna ya zachuma ya nthawiyo, Philip Mpango, ikunena kuti mitengo sinatsike ndipo amene apindula ndi amalonda. Ku United Kingdom msonkho wa 5 peresenti unatha pa 1 January 2021, patapita zaka zingapo Laura Coryton atayambitsa chikalata cha madandaulo mu 2014, koma ounika mitengo anapeza kuti gawo lochepa chabe la phindulo ndi lomwe linafika kwa ogula.

Zifukwa zake zilipo zingapo. Wogulitsa akhoza kungosiya mtengo pomwe unali n'kutenga yekha ndalama yomwe inkapita ku boma. Chachiwiri, ndipo ichi ochita kampeni ambiri sachidziwa, kuchotsa VAT kuli pawiri. Boma likangonena kuti katunduyu asalipire VAT, kampani yopanga mapadi singabwezeredwe VAT imene inalipira pogula thonje, mapulasitiki ndi magetsi, ndiye imaunjika ndalamazo pa mtengo wa padi. Koma likaika VAT yake pa ziro, kampaniyo imabwezeredwa, ndipo mtengo ukhoza kutsikadi. South Africa inasankha njira yachiwiriyi kuyambira April 2019. Kuonjezera apo, m'mayiko amene mapadi kapena zipangizo zopangira zimachokera kunja, ndalama ya dziko ikagwa mphamvu mtengo umakwera n'kumeza zonse zimene msonkho unasiya.

Kodi ndiye n'kutaya nthawi? Ine ndikuti ayi. Msonkho pa chinthu chimene theka la anthu limafuna mwezi ndi mwezi kwa zaka pafupifupi 40 si wachilungamo, ndipo kulimbana nawo n'kumene kunachititsa kuti mawu akuti msambo ayambe kutchulidwa m'Nyumba za Malamulo. Kenya inayamba kuchotsa msonkhowu mu 2004, India inatsatira mu 2018, Rwanda mu 2019, ndipo Malawi inachotsa misonkho ina pa mapadi mu bajeti ya 2022. Cholakwika n'kuvina tsiku lomwe nduna yalengeza n'kubwerera kunyumba. Ofuna kuti msonkho uchoke apemphenso kuti uchoke pa zipangizo zopangira, pa mapadi ochapa ndi makapu a msambo (timakapu tofewa tolowetsa m'kati kuti tizilandira magazi), komanso kuti bungwe loteteza ogula liziona mitengo msonkho usanachotsedwe ndi pambuyo pake. Inuyo mukhoza kuthandiza posunga malisiti anu.

Muzikumbukiranso mayi amene alibe n'komwe ndalama ya padi, amene amagwiritsa ntchito nyanda kapena kansalu kakale. Kwa iyeyo kutsika pang'ono kwa mtengo sikusintha kanthu. Zimene zingamuthandize ndi zipangizo zaulere m'sukulu, m'zipatala, m'ndende ndi m'misasa ya anthu othawa nkhondo kapena madzi osefukira, kuphatikizapo madzi ndi sopo wochapira.

*Azakhali,*

*Ndili ndi zaka 26 ndipo ndili pantchito. Ndikakhala kumwezi ndimamva ululu moti ndimasanza, nthawi zina ndimalephera kuimirira. Mapadi ndimatha kugula, vuto langa si limenelo. Kuchipatala anandiuza kuti ndi mmene akazi timakhalira, zidzatha ndikadzabereka. Abwana anga amaganiza kuti ndi ulesi. Bwanji a kampeni amangokamba za mapadi?*

*Wovutika mwezi ndi mwezi*

Mwana wanga, pepa. Ululu wosanzitsa ndi wolepheretsa kuimirira si wongoupirira ayi, ndipo amene anakuuza kuti udikire kubereka sanakuthandize. Bwerera kuchipatala, upemphe kuonana ndi dokotala wa matenda a amayi. Usanapite, lemba kwa miyezi iwiri kapena itatu tsiku limene msambo wayamba, masiku amene watenga, mapadi amene wasintha patsiku, mankhwala amene wamwa ndiponso ngati anathandiza. Ukakatchule dzina la nthenda ya endometriosis ndi zotupa za m'chiberekero, uwafunse ngati aziunika. Endometriosis ndi pamene minofu yofanana ndi ya m'kati mwa chiberekero imamera kunja kwake, ndipo WHO imati imagwira pafupifupi mkazi mmodzi mwa 10 a msinkhu wobereka, anthu okwana 190 miliyoni. Ambiri amatha zaka akuuzidwa zimene unauzidwa iwezo. Ngati padi ikudzadza pa ola limodzi kapena awiri, kapena msambo ukupitirira masiku 7, uwauzenso akuyeze kuchuluka kwa magazi.

Ndili namwino ndinalandirapo mtsikana amene amayi ake anabwera naye atamugwirira m'khwapa. Nditamutembenuza zikhatho zinali zoyera, m'maso momwemonso, akupuma mwawefuwefu atangoyenda kuchokera pakhomo kufika pabenchi. Anali akutaya magazi ambiri chiyambireni kusamba, koma aliyense ankamuuza kuti ndiye kukula kumeneko. Kuyambira pamenepo sindivomera kuti nkhani ya msambo ikhale ya ukhondo wokha.

Funso lako ndi lomwenso WHO inadzutsa mu June 2022 ku msonkhano wa bungwe la United Nations loona za ufulu wa anthu ku Geneva, pamene inapempha kuti msambo uzionedwa ngati nkhani ya umoyo ndi ufulu wa munthu. A kampeni amakonda mapadi chifukwa ndi osavuta kuwerenga ndi kujambula. Koma ndondomeko yabwino iyenera kunenanso kuti anamwino ndi madokotala aphunzitsidwe kuzindikira matenda a msambo, zipatala zing'onozing'ono zikhale ndi mankhwala opha ululu ndi oonjezera magazi, ndipo ana aphunzire za msambo asanathe msinkhu, anyamata omwe.

Za kuntchito, mayiko ena ali ndi malamulo ake. Japan ili ndi tchuthi cha msambo kuyambira 1947. Ku Zambia lamulo limapatsa mayi wapantchito tsiku limodzi mwezi uliwonse osafunsidwa kalata ya kuchipatala, ndipo amalitcha Mother's Day. Spain inavomereza mu February 2023 tchuthi cholipidwa kwa amene amamva ululu waukulu, dokotala akatsimikiza. Ine ndimazivomereza, ngakhale ndikudziwa kuti ku Japan ndi ochepa kwambiri amene amatenga tchuthicho poopa kuonedwa ngati ofooka, komanso mayi wogulitsa pamsika kapena wolima kumunda lamulo lotere silimufika. Kwa iwe, kalata ya dokotala ndi imene ingatseke pakamwa abwanawo. Ngati kuntchito kwanu kuli bungwe la ogwira ntchito, kawauze aike nkhaniyi pa zokambirana zawo ndi olemba ntchito.

*Azakhali,*

*Ndine mayi wachikulire. Ndinamva za phungu wa ku Kenya amene analowa m'Nyumba ya Malamulo ndi zovala zothimbirira magazi. Ine zinandichititsa manyazi. Kodi sitingamenyere atsikana popanda kudzichotsa ulemu chonchi?*

*Agogo*

Agogo, mukunena za Gloria Orwoba, amene mu February 2023 analowa mu Senate ya Kenya atavala thalauza loyera lothimbirira, ndipo anauzidwa kuti atuluke akasinthe. Ndikumvetsa kuti zinakuvutani, pakuti ambiri tinakula tikudziwa kuti zimenezi sizioneka. Koma taganizirani kuti ngati aphungu akuluakulu analephera kupirira kuona dontho pa chovala cha mnzawo, n'chiyani chimachitikira mwana wa zaka 13 amene waimirira kuti akalembe pabolodi n'kumva kalasi yonse ikuseka kumbuyo kwake? Ku Kenya komweko mu 2019 mtsikana wa zaka 14 anadzipha, ndipo amayi ake ananena kuti mphunzitsi anamunyoza m'kalasi atathimbiritsa yunifomu. Ine manyazi anga amapita kumeneko.

Sindikuti aliyense achite ngati mayi Orwoba. Kampeni imafuna anthu osiyanasiyana, ndipo mawu a munthu wachikulire ngati inu amalowa m'malo amene a mtsikana salowa. Atsogoleri a mpingo, mafumu ndi aphungu amakumverani. Ngati kusukulu ya adzukulu anu kuli aphunzitsi onga amene alemba kalata yoyamba ija, apezeni, musainire nawo pempho lawo, ndipo tsiku lokaonana ndi phungu mupite nawo limodzi, muyambe ndinu kulankhula.